Mabedi 14 m'miyezi isanu

Dzanja pakhoma

Ndinadzidzimuka pakati pa usiku kukhosi kutauma. Dzanja linanyamuka lokha kupita kukhoma lakumanja kukasaka swichi ya getsi. Linapapasa m'mwamba, linapapasa m'munsi, osapeza kanthu. Swichi imene dzanjalo linkafuna inali ku Tbilisi m'dziko la Georgia, m'chipinda chimene ndinali nditachokamo masiku khumi m'mbuyomo. Chipinda chimene ndinagona usiku umenewo chinali ku Chiang Mai m'dziko la Thailand, ndipo swichi yake inali uko pafupi ndi chitseko. Ndinakhala tsonga mumdimamo kwa kanthawi ndithu, ndikuyesa kukumbukira kuti kodi ndili dziko liti.

Kutacha ndinaisandutsa nthabwala. Ndinalemba pa gulu la anzanga pa WhatsApp, onse anafa nalo phwete. Wina anati, "Amenewo ndiye mavuto abwino, tigawireniko ife." Ndinamuvomereza. Munthu amene akugwira ntchito pa laputopu uku akuona dziko angadandaule chiyani? Anzako akulawirira m'bandakucha kukalimbana ndi mdipiti wa magalimoto kuti akafike ku ofesi, iwe ukulira kuti waiwala pali swichi.

Ndiye ndinangotseka pakamwa. Ndinapitiriza kuika zithunzi za akachisi ndi mapiri, anthu n'kumalemba kuti ndikukhala moyo umene iwo amangoulota. Chikomekome cha mkuyu. Zoti kwa masabata angapo ndinkangoyang'ana imelo osaitsegula, zoti ndinkakwiya foni ikangolira, zoti ndinkagona maola asanu ndi anayi n'kudzuka ngati ndagona awiri, sindinauze munthu. Inenso ndekha sindinadziuze.

"Kwanuko nthawi ili bwanji?"

Ntchito yanga ndi yopanga ndi kukonza mawebusaiti. Nthawi imeneyo ndinali ndi makasitomala atatu, ndipo amene ankandipatsa ntchito yambiri inali kampani yaing'ono ya ku Toronto m'dziko la Canada. Mu February wotchi ya ku Chiang Mai imakhala patsogolo pa ya ku Toronto ndi maola 12 ndendende. Miting'i yathu ya sabata ndi sabata inkachitika Lachiwiri 2 koloko masana kwa iwo. Kwa ine inali 2 koloko usiku, Lachitatu likungoyamba kumene.

Ndinali ndi kachitidwe kangakanga. Alamu inkalira 1:40. Ndinkasukusula ndi madzi ozizira, kuvala malaya a kolala pamwamba pa kabudula wogonera, n'kukoka nyale ya pambali pa bedi kuti iziwala kumaso. M'chipindamo munalibe tebulo (pa zithunzi za pa intaneti linalipo, koma tizisiye zimenezo), choncho laputopu ndinkaiika pa thabwa lositirapo zovala, ine n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Kumbuyo kwanga ndinkabisako ndi chithunzi cha pa Zoom cha shelefu yodzaza mabuku. A ku Toronto ankaona munthu wokonzeka ali mu ofesi mwake.

Usiku umenewo, masiku anayi chichitikireni za swichi zija, tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo, munthu wofatsa koma wa diso lakuthwa, anafika pa dzina langa.

"Batani lolipirira lija linkakana pa foni, munalikonza?"

Funso longofuna inde kapena ayi. Ndinatsegula pakamwa, m'mutu munangoti zii. Ndinkakumbukira bwinobwino ndikulimbana nalo batanilo pabwalo la ndege ku Doha m'dziko la Qatar, nditakhala pansi pafupi ndi soketi, chikwama ndachitsamira. Koma zoti ndinamaliza, zoti ndinatumiza, sindinkadziwa. Anthu asanu ankandiyang'ana m'timabokosi tawo, ine ndikuyendetsa mausi uku ndi uku ngati ndikufufuza chinachake.

Kuiwala aliyense amaiwala. Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi mawu amene anatulukira m'mutumo pamalo pa yankho: likonzeke, lisakonzeke, ine ndilibe nazo ntchito. Webusaiti imeneyo ndinaimanga ndekha kuchokera pa tsamba lopanda kanthu. Ndinkainyadira moti ndinkaonetsa aliyense amene wandifunsa zimene ndimachita. Usiku umenewo ikanazima yonse, ndikanangotseka laputopu n'kukagona.

Ndinati ndifufuza kaye. Miting'i inapitirira. Itatsala pang'ono kutha mayi aja anati, "Enanu mutha kutuluka, ndikufuna ndicheze nawo pang'ono awa." Timabokosi tinazima kamodzikamodzi, tinatsala awiri. Mtima unagunda. Ndinadziwa kuti ntchito yatha basi.

"Kwanuko nthawi ili bwanji?"

"Ikupita ku 3 koloko."

"Masana?"

"Ayi, usiku."

Anachotsa magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Ndiye takhala tikukudzutsani usiku chonchi kuyambira liti?"

"Palibe vuto, mayi. Ndinazolowera."

"Sindinafunse ngati pali vuto."

Ndinawauza zoona. Iwo ankadziwa kuti ndimayenda, koma ankaganiza kuti ndidakali ku Lisbon m'dziko la Portugal, kumene kusiyana kwake ndi maola asanu okha. Sindinawauze kuti ndasuntha chifukwa ndinkaopa kuti aziona ngati ndili patchuthi ndi ndalama zawo. Ndiye ndinkachita kudzionetsera kuti ndilipo: uthenga wa pa Slack, pulogalamu yolemberana nkhani za ntchito, ukabwera ndinkayankha m'mphindi zochepa, kaya ndili m'basi, kaya ndili m'tulo.

Zimene ananena pambuyo pake ndi zimene sizinandichokebe m'mutu.

"Chaka chatha imelo zanu zinkakhala ndi mafunso. Munkatitsutsa, nthawi zina mpaka kutitopetsa. Kuyambira cha mu November mumangoyankha kuti chabwino. Chilichonse, chabwino. Ine ndimayesa mwapeza ntchito kwina ndipo mukungodikira tsiku lotsanzika."

Ndinasowa chonena. Anandiuza kuti ndikagone, batani lija aona okha, tikambirana Lachisanu pa nthawi imene kwathu konse kuli dzuwa kapena pafupi ndi dzuwa.

Tulo sitinabwere. Ndinatenga foni n'kutsegula mndandanda wa zipinda zimene ndinalipira kuyambira September. Ndinawerenga ndi chala, kuphatikizapo mahotela a usiku umodzi a pafupi ndi mabwalo a ndege. Mabedi 14. Ndinawerenganso kachiwiri poganiza kuti ndalakwitsa.

Kutopa kumene tulo sitichotsa

Dzina la vuto langali pa Chingerezi ndi burnout, ndipo ndinkalimva kawirikawiri, koma ndinkaliona ngati mawu odzikometsera a munthu amene wangotopa. Kutopa wamba ndimakudziwa: umagona Loweruka lonse, Lolemba uli bwino. Uku n'kwina. Kuli ngati batire ya foni yakale imene umaitchaja usiku wonse, imaonetsa kuti yadzaza, koma ukangoimba kamodzi yazima.

Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda, ICD-11. Silinaliike m'gulu la matenda. Linati ndi vuto lochokera kuntchito, lobwera munthu akapanikizika nthawi yaitali popanda kupeza njira yothana ndi kupanikizikako. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchito mumtima mpaka kuyamba kuinyoza, ndi kulephera kuigwira mmene unkaigwirira. Nditawerenga chachiwiricho ndinakumbukira mawu aja a m'mutu mwanga pa miting'i. Mayi a ku Toronto anali atachiona m'maimelo anga miyezi itatu ine ndisanachione.

Amene anatchukitsa dzina loti burnout ndi Herbert Freudenberger, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, mu 1974. Ankathandiza pa chipatala chaulere cha anthu ovutika ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo anaona anthu odzipereka kwambiri, iye mwini ali m'gulumo, akuzilala pang'onopang'ono mpaka kusanduka ouma mtima. Mfundo imeneyi inandikhudza. Vutoli siligwira alesi. Limakonda amene amati ndichita ndekha, musadandaule.

Christina Maslach wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi amene anapanga, pamodzi ndi Susan Jackson mu 1981, mafunso amene ofufuza ambiri amayezera vutoli mpaka lero. Pambuyo pake iye ndi Michael Leiter anasonyeza mbali zisanu ndi imodzi zimene munthu ndi ntchito yake amasemphanirana: kuchuluka kwa ntchito, ufulu wosankha mmene ungaigwirire, mphotho, anthu ogwira nawo ntchito, chilungamo, ndi kugwirizana kwa ntchitoyo ndi zimene umakhulupirira. Ine ndinadziyeza n'kudzipeza wosalakwa. Ufulu ndinali nawo wosefukira. Malipiro anali abwino. Ntchito yolipidwa inali maola 45 pa sabata, si yoti munthu n'kufa nayo. Ndiye ndatopa ndi chiyani?

Ntchito yachiwiri imene sindinkailemba pa kalendala

Yankho linali mu mndandanda wa mabedi uja. Ndinkawerenga ulendo ngati kupuma, pamene ulendo ndi ntchito payokha, yosalipidwa, yopanda Loweruka.

Taganizirani zimene zimachitika ukamasamuka masiku khumi alionse. Usanafike n'komwe pamalo pamene uli, wayamba kale kusaka potsatira. Madzulo awiri atatu amathera powerenga ndemanga za anthu pa zipinda, kulembera eni nyumba kuti akutumizire chithunzi chosonyeza liwiro la intaneti, kuyerekeza matikiti. Ukafika, uyambe kufunafuna simu khadi, pochapa zovala, makina otapira ndalama amene sakana khadi lako, adaputala yogwirizana ndi soketi za kumeneko, basi yopita kumalo ogwirira ntchito. Kumene munthu wakhazikika zinthu zimenezi mutu suziganizira, miyendo imangopita yokha. Paulendo chilichonse chimafuna kuti usankhe, ndipo pofika 10 koloko m'mawa wasankha kale zinthu makumi angapo usanatsegule laputopu.

Pamwamba pake pali wotchi ya viza. M'mayiko a Schengen, gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, mlendo wongocheza amaloledwa masiku 90 m'masiku 180 alionse, ndipo masiku 180 amenewo amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lililonse limene uli kumeneko. Ndinali ndi tsamba lonse lowerengera zimenezi. Maulendo ena sindinkawafuna n'komwe, ndinkangothawa kalendala.

Kenako tulo. Mu 2016 ofufuza a ku Brown University anapeza kuti munthu akagona malo achilendo usiku woyamba, mbali imodzi ya ubongo, ya kumanzere, sigona mokwanira. Imakhala tcheru ngati mlonda, kaphokoso kakang'ono n'kukudzutsa. Mabedi 14 ndi mausiku oyamba 14. Onjezanipo kusintha kwa wotchi. Thupi limatsatira nthawi yatsopano pang'onopang'ono, pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ndipo kupita kum'mawa kumavuta kuposa kumadzulo chifukwa wotchi ya m'thupi mwa anthu ambiri imapitirira pang'ono maola 24, choncho kuchedwa kugona n'kosavuta kusiyana ndi kufulumira. Ine ndinkangopita kum'mawa: Lisbon, kenako Tbilisi maola anayi patsogolo, kenako Chiang Mai maola ena atatu. Ndinkakhala pansi pa mawotchi atatu osagwirizana, ya dzuwa la kumene ndili, ya thupi limene lidakali kumene ndachokera, ndi ya kasitomala.

Nditalemba maola a ntchito yachiwiriyi moona mtima, anakwana 12 mpaka 15 pa sabata. Kuphatikiza ndi 45 aja, ndinali nditadutsa 55. Nambala imeneyi ndimaidziwa chifukwa mu 2021 WHO ndi bungwe la zantchito la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata ali pa chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mitsempha ya mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Ofufuzawo sankawerengera maola osaka chipinda pa intaneti. Koma thupi langa silinkasiyanitsa.

Ndipo panali mlandu wa mbali ziwiri umene ndinkadzizenga tsiku lililonse. Ndikakhala pa laputopu, mtima unkati wabwera mtunda wonsewu kuti udzangoyang'ana sikirini? Ndikatuluka kukaona mzinda, mtima womwewo unkati anzako akugwira ntchito, iwe ukujambula akachisi. Ndiye ndinkaona mzinda foni ili m'manja, n'kugwira ntchito mapu ali otsegula pambali. Palibe chimene ndinkachita ndi mtima wonse.

Za anthu ndinene mwachidule. Sabata iliyonse ndinkakumana ndi anthu atsopano osangalatsa, ndipo macheza ake anali amodzimodzi: mumachokera kuti, mwakhala masiku angati, mukupita kuti. Munthu wodziwa nkhope yanga mokwanira kuti anene kuti lero simukuoneka bwino panalibe. Anachita kunena ndi munthu wa kutsidya la dziko, poona maimelo.

Zimene ndinayesa koma osathandiza

Maganizo oyamba amene anandibwerera, musaseke, anali oti ndisinthe malo. Ndipite kunyanja masiku anayi ndikapume. Ndinali nditayesapo kale mu December: ndinanyamula laputopu poti mwina pangagwe zadzidzidzi, ndipo zadzidzidzi zimagwa nthawi zonse laputopu ikakhala pafupi. Ndinabwerako nditawonjezera mabedi awiri ndi maulendo awiri a pa basi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndinayesanso mapulogalamu a pa foni ogawa nthawi, amene amaliza belu mphindi 25 zilizonse. Anangondipatsa chinthu china choti ndizilephera. Ndinayesa khofi wa 11 koloko usiku kuti ndifike pa miting'i ndili maso. Kafeini amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'magazi, choncho 4 koloko m'bandakucha, nthawi yoti ndigone, theka linali likadali m'thupi likugwira ntchito yake.

Mayiko ena ali ndi malamulo pa nkhaniyi. Ku France kuyambira 2017 makampani a antchito 50 kapena kuposa amayenera kukambirana ndi antchito awo za ufulu wozimitsa foni akaweruka, ndipo Portugal mu 2021 inaletsa mabwana kusokoneza antchito pa nthawi yopuma. Malamulo abwino. Koma ine wondidzutsa 1:40 usiku sanali bwana aliyense. Alamu ndinkatchera ndekha.

Masabata asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi

Lachisanu lija tinagwirizana zinthu ziwiri ndi mayi aja. Ndipuma masabata awiri athunthu. Ndikabwerera, pa miting'i ya Lachiwiri sindizipezekapo. Ndizitumiza lipoti lolemba Lolemba, mafunso azindipeza m'mawa wa kumene ndili. Ndinadabwa mmene zinaphwekera. Miyezi yonseyi ndinkazunzika ndi chinthu chimene palibe anandipempha.

Makasitomala ena awiri ndinawalembera. Mmodzi anamvetsa. Winayo anati sangadikire, ndipo anapeza munthu wina. Zinandipweteka, ndalama zinachepa, ndipo sindinama kuti zinali bwino. Koma ndikayang'ana m'mbuyo, ntchito ya anthu atatu pamodzi ndi ulendo sizikanakwana m'sabata imodzi ngakhale ndikanakonza kalendala mwaluso bwanji. Chinayenera kutuluka china.

Tikiti yopita dziko lotsatira ndinaibweza. Ndinalankhula ndi mwini chipinda kuti ndikhala mpaka April, ndipo ndinapempha tebulo lija la pa chithunzi. Linabwera tsiku lomwelo kuchokera m'chipinda china.

Mwayi wanga unabwera m'njira yachilendo. March ku Chiang Mai ndi nyengo ya utsi: minda ikutenthedwa, nkhalango zikupsa, mapiri amene anthu amabwerera osaonekanso. Alendo ambiri amathawa. Mpweya wake si wabwino ndipo sindingalangize munthu kuti akakhaleko dala nthawi imeneyo. Ine ndinkakhala m'nyumba mawindo otseka, makina osefa mpweya akulira. Koma kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu panalibe chokongola chimene ndinkachiphonya. Mlandu uja wa mbali ziwiri unatha wokha.

Sabata yoyamba inali yoipa kuposa masabata a ntchito. Palibe anandichenjeza zimenezi. Ndinkagona maola khumi, mutu ukuwawa, ndipo dzanja linkangopita lokha ku foni kukafuna Slack imene ndinali nditaichotsa. Tsiku lina ndinalira popanda chifukwa chimene ndingatchule, nditangokhala pansi ndikupinda zovala. Apa m'pamene ndinapita kwa dokotala. Anandiyeza magazi kuti aone ngati achepa kapena ngati chithokomiro chikugwira bwino ntchito, chifukwa zimenezinso zimabweretsa kufooka kotere. Anandifunsanso mafunso a matenda ovutika maganizo, poti awiriwa amafanana ndipo nthawi zina amayendera limodzi. Anandifunsa ngati kuzilalako kuli pa ntchito pokha kapena kwafalikira pa chilichonse, komanso ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Kwa ine kunali pa ntchito ndi paulendo. Munthu amene yankho lake ndi lina asamangodalira kupuma ndi kusintha kalendala. Ameneyo akufunika thandizo la akatswiri, ndipo msanga.

Chimene chinandichiritsa chinali chotopetsa kuchifotokoza. Kudzuka nthawi imodzimodzi. Kusambira pa dziwe limodzimodzi la m'nyumba, mpaka wolandira alendo anasiya kundifunsa dzina. Kudya malo awiri okha osasankhasankha. Kuimbira mchemwali wanga Lamlungu lililonse, osati kulemberana, kuimba ndithu kuti amve mawu anga. Nditabwerera pa ntchito, 6 koloko madzulo laputopu inkalowa m'kabati, chitseko n'kutseka. Zikumveka zachibwana, koma chipinda chako chikakhala ofesi yomweyo, pogona pomwepo, maso amafuna kuona kuti ntchito yachokapo.

Sabine Sonnentag, wofufuza wa ku Germany, wakhala zaka zambiri akuphunzira mmene anthu amabwezeretsera mphamvu akaweruka. Chimodzi mwa zimene iye ndi anzake amatsindika n'chakuti kuchoka pa desiki sikukwanira ngati maganizo atsalira pomwepo. Ine ndinali nditachoka pa desiki mtunda wa makilomita masauzande, maganizo osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Mu sabata yachisanu ndi chimodzi a ku Toronto anatumiza pulani yosintha tsamba loyamba la webusaiti. Nditaiona ndinapsa mtima. Ankafuna kubisa mitengo kuseri kwa fomu yoti munthu ayambe walemba imelo yake. Ndinalemba ndime zinayi zofotokoza chifukwa chake zimenezo zithamangitsa ogula, n'kutumiza ndisanadzifunse ngati ndawonjeza. M'mawa ndinapeza yankho la mayi aja, mzere umodzi: "Takulandirani, tinakusowani." Pulaniyo anaipitirizabe mmene ankafunira, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mmene ndimayendera tsopano

Sindinasiye kuyenda. Ena akatopa chonchi amabwerera kukakhazikika ndipo amachita bwino. Ine ndimakondabe kutsika sitima mumzinda umene sindiudziwa. Chimene chinasintha ndi masamu ake.

Pamalo pamodzi ndimakhala mwezi, kawirikawiri iwiri. Tsiku la ulendo ndimalilemba pa kalendala ngati tsiku la ntchito, ndipo silikhalanso Loweruka kapena Lamlungu, chifukwa kale ndinkadya masiku anga opuma pamabwalo a ndege n'kumadabwa kuti Lolemba ndatopa ndi chiyani. Masiku awiri oyamba pamalo patsopano sindiika miting'i kapena ntchito yofuna mutu. Amenewo ndi a mlonda uja wa mu ubongo, ndi a simu khadi ndi pochapa zovala. Ndisanagule tikiti ndimayang'ana wotchi ndisanayang'ane zithunzi. Ngati maola amene kasitomala akundifuna agwera pakati pa usiku, ndimakambirana naye ndisananyamuke, ndipo akakana, kumeneko sindipita. Makasitomala onse amadziwa kumene ndili. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo kuti ndili patchuthi.

Kuona malo ndimakupatsa masiku akeake, laputopu itatsala. Masiku ena onse ndimakhala ngati munthu wamba wa mumzindawo amene wapita kuntchito n'kubwerako. Pali mizinda imene ndakhalamo masabata asanu ndi limodzi osaona theka la zimene alendo a masiku atatu amaona. Poyamba zinkandiwawa.

Ndipo sindinachire kotheratu ngati mmene munthu amachirira chimfine. Khalidwe lija la ndichita ndekha, musadandaule, lidakalipo, limangodikira mwezi umene ntchito yachuluka ndipo matikiti atsika mtengo. Choncho kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimatsegula bokosi la maimelo amene ndatumiza n'kuwerenga amene ali ndi liwu limodzi lokha, chabwino. Akakhala awiri atatu sindidandaula. Mwezi watha, nditadutsa mizinda itatu m'masabata anayi chifukwa cha ukwati wa mnzanga ndi msonkhano wa ntchito, ndinapeza asanu ndi anayi. Tikiti ya sabata yotsatira ndinaibweza madzulo omwewo, theka la ndalama linapita, ndipo ndikulemba zino pa tebulo lomwe ndakhalapo masiku 23.